Narelle Ankafunafuna Ovala Zakuda

Tsiku limene aphunzitsi a ku yunivesite anakana kafukufuku wake, Narelle Vukovic anakhala pa siteshoni kuno ku Melbourne, sitima n'kumangodutsa iye osakwera. Anamupatsa mwayi umodzi wokha wokonza. Akalepheranso, digiri yapita.

Mwana wa wokonza mapaipi ameneyu ankafufuza zionetsero za magulu odana ndi anthu ochokera kumayiko ena. Mabuku anamuphunzitsa kuti anthu otere amavala zakuda, amabisa nkhope, amaguba ngati asilikali. Ndiye atapita ku chionetsero china n'kupeza amayi akukankha ana m'tingolo, abambo akuwotcha masoseji, analemba kuti apa palibe choopsa. Sipanapite nthawi, mawu a pachionetsero chomwecho anali pa wailesi ndi m'kamwa mwa andale. N'chifukwa chake aphunzitsi aja anamubwezera ntchitoyo.

Analira, inde, koma sanagwe ulesi. Loweruka lililonse ankabwerera kumsewu, ulendo uno kukatchera khutu. Ena ankamutukwana, ena ankamuthamangitsa ati ndi kazitape.

Tsiku lina m'khamumo anakumana ndi amalume ake a Merv, omwe anamuphunzitsa kusambira ali mwana, atanyamula chikwangwani chothamangitsa alendo.

"Iwe Nari, wabwera kudzatiwerenga ngati nkhosa eti?" anatero a Merv.

"Ndabwera kudzamva, amalume. Mawu ali apawa mwawatenga kuti?"

"Aa, aliyense akunena zimenezi masiku ano, mwana iwe."

Mtima unamupweteka kwambiri, koma yankho limene ankalifuna linali lomwelo. Anacheza nawo masana onse. A Merv anamuuza za fakitale yawo imene inatsekedwa, ndi kuti mawuwo anawatola pa foni. Sankadziwa n'komwe kuti anayambira m'timagulu tachidani.

Narelle analembanso zonse. Mfundo yake inali yakuti wofufuza asayang'ane zovala, atsate mawu: achokera kuti, ndipo afika bwanji pakamwa pa munthu wamba. Aphunzitsi aja anavomereza, digiri anaitenga, n'kuyamba kutchedwa Dokotala.

A Merv sanasinthe maganizo onse, tisaname. Lamlungu pa chakudya amakanganabe ndi Narelle mpaka tiyi kuzizira. Koma masiku ano akamva mawu atsopano pa foni, amayamba amuimbira n'kufunsa kuti, "Dokotala, izi anayambitsa ndani?"

Inu amene ntchito yanu yabwezedwa, bwererani pamene munaphonya mukayang'anenso. Musataye mtima.