Kanati ka kabureta ndi sefa ya amayi

Ababa, lero nati yandipulumuka m'manja ndikukonza galimoto, ndipo ndangoyamba kuseka ndekha. Papita zaka chitisiyireni, koma ndakuonani bwinobwino pabwalo pathu paja ku Maglas, ku Zvishavane, chaka chija m'mashopu munangotsala mashelefu okhaokha. Tinkakonza pikapu yanu kuti mukasake chimanga ku Gokwe, kanati ka kabureta n'kugwera mumchenga. Kena kotero sikakanapezeka mu Zvishavane monse, ndipo m'nyumba ufa unali utatsala wa masiku awiri.

Munati, "Iwe, ine ndakalambira mumgodi, dothi silingandibisire kanthu. Katenge sefa ya amako." Tinasefa bwalo lonse mpaka dzuwa kupendeka, amayi akukalipa pakhomo kuti, "Nhai baba, ufawo ukabwera ndidzasefera chiyani?" Inu n'kumangosefabe. Mutaimirira kuti muwongole msana, kanati kaja kanagwa kuchokera mumpindiro wa ovolosi yanu. Amayi anaseka mpaka kukhala pansi, ndipo mawa lake madzulo chimanga chinafika. Nati yanga ya lero ndaipeza msanga, Ababa. Ndinayambira kuyang'ana mumpindiro wa buluku. Pumulani bwino, mchenga wonse tinasefa kale.