A Mphindi Zitatu ndi Mwana Wawo

Bambo amene amasoka nsapato pakhonde la sitolo ya zitsulo aja, dzina lawo lenileni ngakhale akazi awo mwina analiiwala. Msewu wonse umangoti a Mphindi Zitatu.

Ali mnyamata, mpira ankautha, osati zongomva. Mayi awo anali ochokera kutsidya kwa malire, bambo awo akonkuno, ndiye mayiko onse awiri akanatha kuwatenga m'timu ya dziko. Akutsidya ndiwo anayamba kulemba kalata, amvekere bwera, nambala naini ndi yako. Akuno atamva, nawonso anadzidzimuka n'kuwaitana. Iwo, mutu utakula, anasankha kwa bambo awo.

Tsiku la masewero anakhala pabenchi mpaka matako kuchita dzanzi. Kutatsala mphindi zitatu, kochi anawalowetsa. Mpira sanaukhudze n'komwe, anangothamanga uku ndi uku ngati mlendo wofunafuna chimbudzi, wezulo n'kulira. Basitu. Lamulo linali loti ukangoponda bwalo pamasewero ampikisano, dzikolo lakukwatira, ukwati wake wopanda chisudzulo. Sanawaitanenso. Jezi ya tsikulo ilipobe, ili pansi m'bokosi la ulusi ndi singano, yosadziwa thukuta.

Mwana wawo wachisamba, wazaka makumi awiri ndi zitatu, anatengera miyendo yomweyo. Chaka chatha nayenso analandira makalata awiri, ina ya akutsidya chifukwa cha agogo ake aakazi aja, ina ya akuno. Anabwera nawo pakhondepo, bambo ake ali ndi ulusi kukamwa.

"Pita kwa agogo ako," anatero osadzutsa mutu. "Kunotu sakukufuna. Akungofuna kuti ena asakupeze."

"Adadi, zanu zija zinali zakale. Kochi walonjeza kuti ndiyamba ndine."

"Nanenso anandilonjeza, atandigwira paphewa pomwe."

"Ndiye mumsewu muno azinditi chiyani? Wogulitsa dziko?"

"Nanga ine amanditi chiyani?"

Mwanayo anayang'ana nsapato za eni zili mbwee pansi, n'kunyamuka. Anasankha kuno.

Masana a tsiku la masewero, a Mphindi Zitatu anatseka bokosi lawo n'kukakhala kwa wometa tsitsi, komwe kuli wailesi ya kanema. Mayina a osewera atatuluka, mwana wawo anali pabenchi. Anthu ankakuwa, kutukwana woimbira, koma iwo maso anali pakona ya kanemayo, pomwe pamayenda nthawi. Sikisite. Sevente. Mumtima ankapempha zomwe bambo aliyense sangapemphe: asamulowetse, angomuiwala pomwepo, khomo la kutsidya likhalebe lotsekula. Eyite-faifi inadutsa, anayamba kupuma bwino.

Pa eyite-eyiti anamuona akuvula jekete.

"Uyo! Mwana wathu uyo!" anakuwa wometa, makina ali m'mutu mwa munthu. Mwanayo anathamanga, anakweza dzanja kupempha mpira kawiri, wezulo n'kulira.

"A Zitatu, musadandaule," anatero wometayo. "Mwamuposa ndi imodzi. Ulemu wa bambo sunachoke."

Anthu anaseka, koma kuseka kwake kunathera panjira, chifukwa bambowo anali atatuluka kale, chipewa atachiiwala pampando.

Mndandanda wa timu watuluka katatu chichitikireni zimenezi, dzina la mwanayo mulibe. Akutsidya anapeza nambala naini wina. Masiku ena mwanayo akaweruka ku timu yake yam'tauni, amabwera kudzakhala pakhondepo, osayankhula za mpira. Bambo ake amangomupatsira singano kuti awalowetsere ulusi, poti maso ayamba kuvuta. M'bokosi muja tsopano muli majezi awiri, onse oyera bwino.