Zidina Pansi pa Landirova

Amuna anga a Dominiko ndi munthu amene akagwira chinthu chakufa sachisiya mpaka chitadzuka. Wailesi, mpope wa njinga, loko wotayika kiyi, zonse zimathera m'manja mwawo, ndipo ine ndatha zaka makumi awiri ndi zitatu ndikusesa timawaya ndi timabawuti pabwalo. Anabadwira konkuno kumapiri a kumalire a Dowa ndi Ntchisi. Sukulu anailekera sitandade sikisi, kenako anakakhala zaka zisanu ndi zitatu m'galaja ina ku Mponela, kutsuka zitsulo ndi kupatsira anzawo masipanala. Chiwongolero sanawalole kuchigwira ngakhale tsiku limodzi. Atabwerera kumudzi kudzalima fodya ndi kudzandikwatira ine, mtima wawo unatsalira kugalajako.

Landirova inafika pakhomo pathu mokokedwa ndi ng'ombe zinayi. Anaipeza pa esiteti ina ya fodya imene inatsekedwa kalekale, nkhuku zikuikira mazira pampando wa dalaivala. Mudzi wonse unatuluka kudzaonerera. Ine ndinaima pakhonde manja ali m'chiuno.

"Abambo a Loyce, ndiye mwatibweretsera khola la nkhuku lamatayala?"

"Sekani, mayi a Loyce," anatero. "Tsiku lina mudzakwera kutsogolo."

Anthu ankati ndi misala, koma ine chifukwa chake ndinkachidziwa. Msewu wathu mvula ikangogwa, galimoto wamba siikwera. Apongozi anga anatsirizikira pangolo, pamtsetse wotsikira kumtsinje, tikuthamangira nawo kuchipatala, mutu wawo uli pamiyendo ya a Dominiko. Kuyambira pamenepo ankangoti pafunika galimoto yokoka ndi matayala onse anayi, kuti wina asadzaferenso pangolo. Ndiye ndinkanyoza ndi pakamwa pokha, mumtima ndinkawamvetsa.

Anaiimika pansi pa mtengo wa mango, kumunsi kwa nyumba. Zaka ziwiri anagona nayo m'mutu. Injini anaimasula yonse n'kuiyala pamphasa yanga yatsopano, n'kuibwezeretsa. Tsiku limene inalira koyamba, mbuzi zinadula zingwe, utsi unadzaza bwalo, iwo akuvina ngati mwana. Chimene chinatsala chinali kumbuyo. Anachotsa matayala akumbuyo pamodzi ndi chitsulo chake chachikulu chija amati ekiselo, galimoto n'kutsala lende. Mbali imodzi anaikhazika pamtondo wanga wakale wosinjira, mbali inayo pa jeke wodindira fodya amene anabwereka kwa a Felton, aneba athu.

Tsono ndinene za njerwa zanga, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Khitchini yanga inali ya udzu, yodontha moti mvula ikamagwa ndinkaphika nditafunda pepala lapulasitiki. Ndinaumba njerwa ndekha, anzanga a Lines ndi a Sara akundithandiza kutunga madzi, tinaziwotcha, zinapsa bwino zofiira psuu. A Dominiko analonjeza kuti andimangira. Chaka chinatha, chachiwiri chinatha. Mulu wa njerwa unkangochepa, chifukwa akafuna chokhalira, chokhomerapo kapena chotchingira tayala, ankangotola yanga n'kuisiya itasweka. Zinkandiwawa kwabasi. Galimoto imeneyi ndinkaiona ngati mkazi mnzanga amene akudya zanga.

Pasaka atangodutsa, nyengo yodinda fodya inafika. Tsiku lina a Dominiko anapita ku Mponela kukasaka mabawuti, ndipo masana a Felton anatulukira.

"Mayi, ndabwerera jeke wanga. Fodya akundidikira, lole ibwera Lachisanu. Tengani njerwa tikhazikepo galimotoyi."

Ndinayang'ana mulu wanga wa zowotcha, mtima unakana. Kuseri kwa khola kunali zidina, njerwa zosawotcha zimene zinatsala, zouma gwa. Ndinatuta zimenezo.

"Aa, mayi, izi ndi zidinatu," anatero a Felton.

"Ndiye zatani? Mvula inatha. Galimoto yakufa ikufuna njerwa zowotcha ngati tchalitchi?"

Anakanda m'mutu. Tinasanja zidinazo, anaikapo thabwa, n'kutsitsa galimoto pang'onopang'ono. Inakhala bwinobwino, osagwedezeka. Ponyamuka anati, "Koma akabwera muwauze asinthe." Ndinavomera. Atangochoka, ndinakulunga mulu wa zidinawo ndi thumba la feteleza, kutsogolo kwake n'kusanjako njerwa zowotcha zitatu. Ndinadziuza kuti ndikuteteza ku nkhuku, koma ndinkadziwa chimene ndikuchita.

A Dominiko atafika madzulo, anasuzumira pansi pa galimoto, anaona zofiira zitatu zija, n'kundiyang'ana modabwa.

"Mwapereka zowotcha zanu, mayi a Loyce?"

"Eya," ndinatero.

"Zikomo kwambiri. Ndinkayesa galimotoyi mumadana nayo."

Zikomo ameneyu ndiye anandimanga pakamwa. Akanandikalipira, ndikanawayankha momwe ndimayankhira, choona n'kutulukira m'mkangano momwemo. Koma munthu wakuthokoza ndi maso owala chonchija, uyambira pati kumuuza kuti wamunamiza? Ndinati ndiwauza mawa.

M'mawa mwake anayala katoni pansi n'kulowa chagada, miyendo yokha ili panja. Ine mantha anandigwira kuyambira tsiku limenelo, ndipo sanandisiye. Ndikamatsuka mbale, maso anali pa miyendo ija. Akamakhoma ndi hamala, galimoto yonse inkanjenjemera. Ndinayamba kuwaitana pa zinthu zopanda pake. Bwerani mudzaone mbuzi ikutsokomola. Bwerani mudzamwe thobwa. Ankatuluka, kumwa, kulowanso. Tsiku lina ndinapita kukasesa pafupi, ndinakweza thumba lija pang'ono, ndinaona chidina chapansi chitang'aluka pakona, fumbi lake lili pansi. Ndinatsegula pakamwa, iwo ali pansipo akuimba nyimbo ya kwaya, ndipo chimene chinatuluka n'chakuti, "Ndiwo zatha, tidya chiyani lero?"

Ndinaganiza zosintha ndekha iwo atachokapo, koma galimoto ndikanaikweza ndi chiyani? Ndinapita kwa a Felton kukafunsa kuti amaliza liti kudinda. Anati jeke apita naye kwa achimwene awo kuseri kwa phiri, abwerako sabata yamawa. "Munawauza za zidina zija?" anafunsa. Ndinati eya. Bodza lachiwiri linatuluka mosavuta kuposa loyamba. Lamulungu kutchalitchi ndinagwada nthawi yaitali, ndipo pemphero langa silinali loti ndilimbe mtima ndiulule ayi, linali loti mvula isagwe. Zengerezu analinda kwawukwawu, akuluakulu sananame.

Linali Lachitatu masana. Ndinali m'chigafa, shedi yathu ya fodya, kumtunda kwa nyumba, tikusankha fodya ndi a Lines ndi a Sara. Kunja kunatentha modabwitsa, kenako kunada mbali ya Ntchisi. A Sara anati, "Iyi ndi yotsanzika, ingowaza fumbi." Ine ndinang'amba tsamba labwinobwino osadziwa. Madontho oyamba anagwa akuluakulu, kenako inakhuthuka ngati wina wapendeketsa mgolo. Ndinaima pakhomo pa chigafa. Ndinaona madzi a padenga la nyumba akusonkhana, akutsetsereka pabwalo, ofiira, akulunjika pansi pa mango. Miyendo ya a Dominiko sinali kuonekanso. Anali ataikokera m'kati kuti isanyowe. Kwa iwo pansi pa galimoto panali pobisalira mvula pabwino.

Ndinathamanga. Ndinaterereka, ndinagwa, ndinadzuka, chitenje chinatsalira m'matope.

"Tulukani! Abambo a Loyce, tulukani! Ndi zidina! Ndinaika zidina!"

Mvula inkasokosa pamalata a galimoto. Ndinagwada m'madzi n'kuwagwira phazi.

"Mukuti chiyani?"

"Ndi zidina! Tulukani!"

Ndinaona thumba lija likufufuma m'munsi, matope akutuluka ngati phala. Iwonso anaona. Anadzikankha ndi zigongono, mutu ndi chifuwa zinatuluka, ndipo galimoto inatsika. Siinagwe ndi phokoso ayi. Inangokhala pansi pang'onopang'ono ngati ng'ombe yotopa, mtondo wa mbali ina uja n'kupendekeka. Mkono wawo wamanja unatsala pansi pa chitsulo, kuyambira m'chigongono. Kukuwa kumene anakuwa sindinakumvepo kwa munthu wamwamuna, ndipo mpaka lero ndimakumva mvula ikamayamba.

Ndinagwira galimoto ndi manja kuti ndiikweze, ngati kuti ndi dengu. A Lines ndi amene anali ndi nzeru. Anakuwira a Sara, anathamangira kuchigafa, anazula mlongoti wa bulugama umene tinkapachikapo fodya, fodya yense n'kugwera pansi. Anafika nawo akuukoka, akundiitana dzina langa.

"A Fanny, njerwa! Bweretsani njerwa zolimba tiikepo mtengowu!"

Ndinathamangira pamulu wanga uja. Ndinatuta zowotcha zomwe ndinkaziumira zija, zinayi zinayi, zikundisupula pachifuwa, osamva kanthu. Tinazisanja, tinalowetsa mlongoti pansi pa galimoto, a Lines ndi a Sara anaulendewera kumapeto. Siinasunthe. Amayi ena awiri amene anamva kukuwa anafika n'kulendewera nawo. Mtengo unalira ngati uthyoka, galimoto inakwera pang'ono, mwina zala zitatu. Ndinawagwira a Dominiko m'khwapa n'kukoka ndi mphamvu zanga zonse, tinagwera limodzi m'matope. Njerwa zija sinasweke ngakhale imodzi.

Tinawanyamulira pangolo ya a Felton. Msewu unali phala lokhalokha, ng'ombe zikutereka. Mutu wawo unali pamiyendo panga, mkono titaukulunga m'chitenje cha a Sara, magazi akudontha m'mipata ya matabwa. Titafika pamtsetse wotsikira kumtsinje, pomwe paja apongozi anatisiyira, a Dominiko anatseka maso. Ndinawamenya mbama patsaya, ine amene sindinawamenyepo chikwatirane.

"Musayerekeze! Pano pokha ayi! Tsegulani maso, mundikalipire!"

Anatsegula. Sanandikalipire.

Kuchipatala anakhalako milungu isanu. Mkono sanaudule, tithokoze Mulungu, koma zala zitatu sizipindika, ndipo dzanjalo siligwira kanthu kolemera kuposa supuni. Munthu amene moyo wake wonse unali m'zala. Masiku onsewo ndinali pambali pa bedi lawo, ndikuwadyetsa, ndikuwasambitsa, ndikudikira funso. Silinabwere. Ankandifunsa za mbuzi, za fodya, za mwana wathu Loyce amene ali kusekondale, koma za zidina ayi. Kukhala chete kumeneko kunkandiopsa kuposa mvula ija.

Tsiku limene tinabwerera kunyumba, sanalowe m'nyumba. Anapita pansi pa mango. Galimoto inali chipendekekere, pansi pake pali mulu wa dothi louma, thumba la feteleza litakwiririka m'menemo, ndi njerwa zofiira zitatu zili pambali. Anayang'ana nthawi yaitali. Anatola sipanala ndi dzanja lamanja, inagwa. Anatolanso, inagwanso. Pamenepo ndinagwada pansi ndikulira.

"Ndinakunamizani, abambo a Loyce. Ndinaumira njerwa. Ndine ndakupherani dzanja."

"Ndinamva tsiku lomwe lija," anatero. "Munakuwa mudzi wonse unamva." Anayang'ana mulu wa njerwa zanga. "Khitchini ija nanenso ndinakunamizani zaka ziwiri. Koma inu mukanangondiuza, mayi a Loyce. Kungondiuza basi."

Ndinkayesa kuti galimotoyo aigulitsa kwa ogula zitsulo. Ndinawapempha kutero, ndinati ndikaiona ndimadwala. Anakana. Anati paulendo uja wa pangolo, pamtsetse paja, anaona bwinobwino kuti ntchitoyi siyofunika kuisiya. Kenako anayang'ana dzanja lawo, n'kuyang'ana manja anga.

A Felton anabweretsa jeke, maso ali pansi. Njerwa zanga zonse ndinazituta ndekha pamutu n'kuzisanja pansi pa galimoto, milu inayi yaikulu, mpaka pamene panali mulu wa khitchini panatsala udzu wofota. Ndimaphikabe modontha muja, ndipo sindidandaula.

Tsopano amene amalowa pansi pa Landirova ndine. Ndimavala buluku lawo lakale m'kati mwa chitenje, ndimagona chagada pakatoni, iwo amakhala pampando pambali n'kumandiuza: sipanala ya seventini, mangani kumanja, osati kwambiri, mudula bawuti. Ekiselo tinaibwezera mwezi watha, kwatsala mabuleki. Amayi akamadutsa popita kumjigo amaseka kuti a Fanny asanduka makaniko, ine n'kuwayankha kuti adzakwera kumbuyo ndi mbuzi. Koma pansi paja sipazolowereka. Chitsulo chimakhala pamwamba pa mphuno yanga, chakuda, cholemera, ndipo mphepo ikangogwedeza mango, mtima umandithawa.

M'mawa uliwonse ndisanalowe, a Dominiko amatenga sipanala ndi dzanja lamanzere n'kuzungulira milu yonse inayi, akugogoda njerwa imodziimodzi. Yowotcha imalira ngwee, chidina chimangoti phu. Amagogoda zonse, ngakhale anagogoda dzulo, ngakhale akudziwa kuti ndinasanja ndine ndipo chidina palibe. Poyamba ndinkayesa akundikumbutsa mlandu wanga. Tsiku lina ndinawafunsa, ndipo sanandiyang'ane n'komwe, anangopitiriza kugogoda.

"Dikirani kaye," anatero. "Pansipo pakulowa mkazi wanga."