Bokosi limene linatsala m'galaja ya Achipi

Pensulo ija inali yafulati, yofiira, yosongoledwa ndi mpeni, ndipo inkakhala kukhutu kwa malume ngati inamera pomwepo. Anawapatsa ndi mzungu wa nyumba yoyandikana nafe ku Falls Church, chaka chimene abambo anadwala. Ndinayesapo kuiika kukhutu kwanga, koma makutu anga ndi aja otambalala ngati a mleme. Inkagwa ndisanasunthe n'komwe. Mpaka lero magalasi owerengera amandichita chimodzimodzi.

Tinali ku America kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 chifukwa abambo anali kalaliki ku ofesi ya kazembe. Malume, mlongo wawo wa amayi, anabwera nafe ngati wothandiza pakhomo. Kumudzi anali kalipentala wodziwika, zitseko za tchalitchi cha kwathu anakhoma ndi iwo. Kuno manja omwewo ankatsuka mbale ndi kukolopa, pakuti chilolezo chawo sichinkawalola ntchito ina. Tikapita kusitolo n'kudutsa pamene amagulitsa matebulo, ankalisisita lina kunsi kwake, n'kupukusa mutu.

Mzungu uja anali wa ku Australia, anakwatira mkazi wa komweko ku Virginia. Anali wamtali, nkhope psuu ngakhale m'nyengo yopanda dzuwa. Ankakhoma makhonde ndi masitepe m'nyumba za anthu, ndipo galaja yake inali tho ndi matabwa, galimoto n'kumagona panja. Tsiku lina anapeza malume ataima pampanda, akununkhiza utuchi umene mphepo inkabweretsa. Anawayang'ana zala, n'kuti, "Iwe ndiwe chipi." Malume anabwera kudzandifunsa ine, womasulira wa banja lonse, wa zaka zisanu ndi ziwiri, ngati atukwanidwa. Ndinati mwina. Sindinkafuna kuoneka mbuli, ndipo matenda amenewo sindinachire.

Mwini wake ndiye anatimasula. Kwawo, anatero, kalipentala samutchula kalipentala. Amati chipi, kuchokera ku liwu la Chingerezi la tizibanthu timene timathetheka munthu akamasema mtengo. Wamagetsi ndi sipaki, chifukwa cha moto umene umathwanima pa waya. Womanga ndi njerwa ndi biliki. Kalipentala wa manja olemera, wong'amba matabwa a eni, ameneyo amamunena kuti butchala wa matabwa. "Kwathu dzina likatalika timalidula ngati thabwa," anatero. Patapita zaka, sukulu nditaisiyira panjira, ndinagula pamsika buku lopanda chikuto, ndipo ndinawerengamo kuti ngakhale pa zombo zakale za Angerezi kalipentala ankamuitana ndi dzina la tizibanthu tomweto. Ndinakondwa ngati ndakumana ndi m'bale. Nditauza mkazi wanga, anandifunsa ngati ndakumbukira kugula mchere.

Malume sakanatha kutchula munthu wamkulu chimodzimodzi mwana, choncho mzungu uja anasanduka Achipi. Loweruka masana malume ankawoloka mpanda, n'kubwerera tsitsi lili mbuu ndi utuchi, akuimba chamumtima.

Chisanu chitagwira, abambo anagonekedwa m'chipatala. Anali matenda a chiwindi, ndipo madokotala a kumeneko sabisa. Anauza amayi poyera kuti palibe chimene angachite. Ndimakumbukira fungo la mankhwala okolopera pansi, ndi maso a abambo achikasu ngati dzira. Iwo sankaopa imfa kwenikweni, ankaopa chitsulo. Kale anaonapo maliro a mnzawo wofera kunja akufika kumudzi m'bokosi la chitsulo lowotcherera, mayi wa malemuyo akulikanda ndi zikhadabo, osaona nkhope ya mwana wake. Ndiye anagwira malume dzanja. "Alamu, musadzanditumize m'chitini ngati nsomba. Amayi anga adzandione." Malume anavomera. Ine ndinali kumiyendo kwa bedi, ndikupukusa kachitsulo kamene kamalikweza ndi kulitsitsa.

Anamwalira m'mawa wina sinowo, chipale chofewa chija, akugwa. Amayi a kutchalitchi, Amalawi ndi a ku Zambia omwe, anatulutsa mipando pabalaza n'kukhala pansi, miyendo tambalale pa kapeti. Ankalira chotsitsa mawu, kuopa kuti oyandikana nafe angaitane apolisi. Ndinali ndisanaonepo maliro a kumudzi, komabe ndinkamva kuti chinachake chikuperewera, ngati ndiwo zopanda mchere.

Kwathu bokosi sakhoma anamfedwa okha. Pamakhala adzukulu, anthu apadera amene amakumbanso manda, ndipo ndi okhawo amene amaloledwa kuseka ndi kunyogodola pamaliro. Nanga ku Falls Church adzukulu akanachokera kuti? Malume anandigwira dzanja, tinakagogoda pa galaja. Ndinamasulira ndine, mano akugundana. Achipi anavula chipewa. Kenako anafunsa kuti, "Anali wamtali bwanji?" Malume anaimiritsa Achipiwo kukhoma n'kuwagwira pansi pa khutu, pamene abambo akanalekeza.

Mlombwa kunalibe, anatenga paini. M'galajamo munkazizira moti mpweya unkatuluka m'kamwa ngati utsi. Chopalira chinkalira fwee, fwee, ndipo zopalidwa zinkagwa zopotana ngati tsitsi la mwana wa mzungu. Malume anafuna kuti chakumutu kukhale kachitseko kotsereka, koti agogo akangokankha pang'ono aone nkhope. Kachitsekoko anandipatsa ine kuti ndikasalaze ndi sandipepa, ndipo ndinakasalaza mpaka zala zinatentha.

Achipi sankadziwa za adzukulu, koma pakamwa pawo sipankatsekeka. "Butchala iwe, thabwalo lakulakwira chiyani?" Malume, amene anali asanamwetulire chichokereni kuchipatala, anayankha kuti Achipi amakhoma ngati akuthamangitsidwa ndi njuchi. Anandiuza kuti ndimasulire zonse, ndisasiyeko njuchizo. Anaseka awiriwo mpaka kutsamira pa bokosilo. Kuseka kuja kunamveka mpaka pabalaza pathu, ndipo ndinamva pambuyo pake kuti amayi anadzutsa mutu n'kuti, "Tsopano ayamba kukhala maliro."

Lero ndikaganiza, ndimaona kuti panalibe amene anafunsa aliyense. Akuluakulu a ku ofesi anali kalikiliki ndi matikiti, amayi anali pansi, ndipo akalipentala awiri anangochita zimene manja awo amadziwa. Sindiwaimba mlandu. Munthu akakulonjeza pa bedi la imfa suyamba ndi kukafufuza malamulo.

Bambo wa kampani yosamalira maliro anabwera atavala suti yakuda, wolankhula mofewa ngati wansembe. Analisisita bokosilo, anatsegula kachitseko kanga n'kukatsekanso, n'kunena kuti ndi ntchito yabwino zedi. Kenako anati thupi lokwera ndege kupita dziko lina liyenera kukhala m'chitsulo chotsekeratu, mpweya osatuluka. Si iye anapanga lamulolo. Achipi anafiira kuposa kale. Anati chabwino, chitsulocho chilowe m'kati mwa bokosi lathu, akafika kwawo anthu aone thabwa. Anatenga tepi, anayeza, anayezanso. Chitsulo chinali chotakata kuposa bokosilo ndi zala zochepa chabe, chifukwa malume analipanga molingana ndi mapewa a mlamu wawo, munthu wowonda. Nthawi yokhomera lina panalibe, ndege inali itapezeka kale. Malume anatenga tsache n'kuyamba kusesa utuchi.

Amayi ananyamuka ndi thupi. Ine ndinatsala ndi malume kuti ndimalize teremu, kenako tidzawatsatire osabwereranso. Zoti agogo anakanda chitsulo chija ndi zikhadabo, monga momwe abambo ankaopera, ndinazimva nditakula, kwa azakhali. Malume atabwerera kumudzi anayamba kulima fodya. Anthu akabwera kudzawapempha chitseko kapena mpando, ankati maso anawafooka, chonsecho ankatha kulowetsa ulusi pa singano ya amayi.

Bokosi lija linatsala m'galaja. Achipi sanaliphwasule, ngakhale mkazi wawo ankadandaula. Analikhazika pakona n'kulifunditsa lona. Masabata amenewo chisanu sichinkatha, sinowo wa m'mbali mwa msewu anada bii ngati phulusa, ndipo nyumba yathu inkapita ikuchepa katundu. Loweruka malume sankawolokanso mpanda. Achipi akawaitana kuti, "Chipi, bwera udzaone ichi," ankangokweza dzanja pawindo.

Amene ndinkawoloka ndine. Ndikatsika basi ya sukulu ndinkalowera kukhomo la m'mbali la galaja, n'kukweza lona, n'kutsereza kachitseko kaja. Munkakhala mdima ndi fungo la paini, basi. Ndikaona choncho mtima unkakhala pansi, ndinkapita kunyumba ndikudumphadumpha. Nzeru zanga zinali zakuti aliyense ananena kuti abambo adzagona m'bokosi ili, ndipo sanagonemo, ndiye kuti nkhaniyo sinathe.

Tsiku lina ndinalephera kusunga chinsinsicho. Ndinapeza malume kukhitchini akukulunga makapu m'nyuzipepala, ndipo ndinawanong'oneza kuti ndakhala ndikuyang'anamo tsiku lililonse, abambo sanalowemo.

Anasiya kukulunga. "Eya, mphwanga," anatero. "Sanalowemo."

Ine ndinamva ngati andivomereza uthenga wabwino. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti munthu wamkulu anganene bwanji uthenga wabwino chotero atatembenukira kukhoma.