Utsi wa Galimoto Yotuwa

Makaniko aliyense wa dizilo amawerenga utsi, koma ine ndinkadzitama kuti kuyambira ku Santhe mpaka kuboma panalibe wondiposa. Ntchitoyi ndinaiphunzirira pa mathirakitala a kuesiteti ya fodya, kenaka ndinakhoma kagalaja kanga ka malata kuseri kwa msika. Utsi wakuda sunkandivuta: mafuta achuluka, mpweya wachepa, kawirikawiri fyuluta yatsekeka ndi fumbi lathu lino. Wobiriwira ngati wa ndudu ndi oyilo, maringi atha, mwini galimoto ayambiretu kulira. Woyera ndiye wofuna kudekha. Ukanyowetsa chikhatho n'kuzimirira msanga, madzi alowa, gasiketi yapsa. Ukamayabwa m'maso n'kumakakamira pansi, ndi dizilo amene akutuluka wosapsa.

Panali galimoto imodzi imene dera lonse linkaidziwira utsi. Inali yotuwa, yotseka kumbuyo, ndipo sinkanyamula fodya kapena odwala. Zaka zimenezo za chipani chimodzi, munthu ankatha kutengedwa chifukwa cha mawu amene anamupulumuka pamaliro kapena pamowa, ndipo otengedwawo ankakwera imeneyi. Ena ankabwerako patapita zaka, osafunanso macheza. Ena sanabwereko. Galimotoyi sitinkaitchula n'komwe.

Koma dziko la kwathu ndi lathyathyathya, maso amafika patali. Utsi wake woyera unkaoneka iyo isanaoneke, ukukwawa pamwamba pa minda. Woyamba kuuona ankangouza mnzake kuti, "Akutentha tchire." Mawuwo ankathamanga pakamwa ndi panjinga, kudzera njira zachidule, n'kufika msanga kuposa galimoto imene inkazungulira ndi msewu wokumbikakumbika. Ndinamvapo mayi wina akunena zimenezi mvula ili mkati, udzu uli wauwisi, ndipo palibe amene anaseka. Amuna odzikayikira ankalowa m'munda kapena m'zigafa za anzawo mpaka utsi utadutsa.

Mmodzi mwa odzikayikirawo anali mlamu wanga, mwamuna wa mlongo wanga wamng'ono, mphunzitsi pasukulu ina ya pulaimale chakumadzulo kwathu. Anali munthu wabwino, koma pakamwa pake panalibe chitseko. Anafunsapo pamsonkhano wa makolo chifukwa chimene ana ankatayira masabata athunthu poyeserera magule m'malo mophunzira, ndipo funsolo linapita kumene mafunso otere ankapita. Kawiri konse utsi uja unamupulumutsa. Mlongo wanga ankachapa, kusinja, kuyanika ufa, koma nkhope ili kumsewu.

Tsiku lina Lachiwiri m'mawa, nyengo ya dzuwa lija loswa mtengo, ndili pansi pa lole ndinamva msika ukukhala chete pang'onopang'ono, kuyambira kumtunda kutsika nawo. Kenaka maso anayamba kundiyabwa. Nditatuluka ndinapeza galimoto yotuwa yaima pakhomo pa galaja yanga, utsi ukundizinga m'miyendo.

Munatsika anthu awiri. Dalaivala anakaima chapatali. Winayo, wa jekete, anandipatsa moni wa manja awiri, n'kundifunsa ngati chifuwa cha mwana wanga wachiwiri chinasiya. Munthuyo ndinali ndisanamuonepo.

"Galimoto yathuyi ikusuta kwambiri, bambo," anatero akumwetulira. "Tikamafika m'midzi timangopeza nkhuku."

Choncho ankadziwa kuti utsiwo ndiwo unkachenjeza anthu, ndipo ine ndinadziwa chimene ankandituma. Anakoka chitini cha oyilo n'kukhala pamthunzi, maso ali pa manja anga.

Ndinayamba monga ndinkayambira nthawi zonse. Chikhatho paekizozi: chouma, fungo la dizilo lokhalokha. M'redieta madzi sanali kuchita thovu, ndiye gasiketi inalibe mlandu. Injini ikulira, ndinamasula mapaipi a mainjekita, opopera dizilo mu injini, imodziimodzi ndi sipanala, khutu lili tcheru. Ukamasula yabwino injini imatsimphina. Ukamasula yodwala siisintha mawu. Ziwiri zinali zodwala. Nditazichotsa ndinapeza milomo yake yaundana mwaye, zikudontheza mafuta ngati mphuno ya chimfine m'malo mopopera. Ndinaziviika m'palafini, n'kuzitokosa ndi kawaya kofewa mpaka zinayera. Utsi unachepa, koma sunathe. Pampu ya dizilo inali itasuntha, ikupereka mafuta mochedwa.

Apa ndi pamene ndimaima ndikamakumbukira. Ndikanatha kunena kuti pampu yotere imafuna makina a ku Lilongwe. Wa jekete uja sankadziwa kusiyana kwa pampu ndi poto, dalaivalayo anali atayang'ana kumbali. Utsi wotsalawo ukanakwanira kuoneka pamwamba pa fodya. Kwa zaka zambiri ndinkauza mkazi wanga kuti ndinachita mantha, ndipo mantha analipodi. Koma si mantha amene anandimasulitsa mabawuti a pampu ija. Khutu langa linkanyansidwa ndi injini yolira molakwika, ndipo manja anapita okha. Ndinaipotoza pang'ono, pang'ononso, kufikira injini inakhazikika n'kumalira bwino ngati yatsopano. Kuekizozi kunangotsala mpweya wotentha wonjenjemera. Ndinamwetulira. Ndikunena zoona, ndinasangalala, ndipo chisangalalo chimenecho ndimadana nacho mpaka lero.

Wa jekete anagwada, n'kuyang'ana mu ekizozi muja nthawi yaitali, kenaka anandigwira paphewa n'kunena kuti anthu sananame za ine. Galimoto inatuluka pamsika anthu onse akuona, koma aliyense anaweramira pa tomato wake. Ndinaitsatira ndi maso. Isanafike n'komwe pamtengo wa mango wa kumapeto kwa sitolo, inali itasowa m'fumbi wamba, longa la ngolo iliyonse.

Mawu onenera kuti utsi waoneka tinali nawo. Onenera kuti utsi watha tinalibe, ndipo kuti munthu anene bwinobwino ankayenera kutchula galimotoyo, n'kutchulanso amene waikonza. Palibe wa pamsika amene anapalasa njinga. Inenso manyazi anandimanga miyendo. Ndinadziuza kuti ndipita Lamlungu tikaweruka kutchalitchi, ndikamukokere mlamu wanga kuseri kwa nyumba ndimuuze ndekha.

Anamutenga Lachisanu masana, ali m'kalasi, choko chili m'manja. Akuti ana anangomva chitseko cha galimoto chikutsekuka panja.

Loweruka mlongo wanga anabwera wapansi, mwana kumsana, mapazi ali mbuu. Ndinamuona akudutsa pamsika ndipo ndinalakalaka atabwera akukuwa, atanditukwana pamaso pa anthu, atandigenda ndi sipanala. Sanatero. Anagwada pakhomo pa galaja monga ankachitira nthawi zonse, n'kundipatsa moni, n'kufunsa za alamu ake ndi ana. Ndinayankha kuti tonse tili bwino. Kenaka anayang'ana manja anga akuda ndi oyilo.

"Achimwene, ntchito mumaitha," anatero motsitsa mawu. "Ndinali panja pomwepo, ndikuyang'ana kumsewu. Sindinaone kanthu."