Mphuno ya a Mbewe

Ndikukumbukira khonde la a Mbewe pa Nambuma, pakati pa chigayo ndi telala. Iwo ankakonza mawotchi ndi mawailesi, koma chinawatchukitsa ndi makamera. Masiku amenewo zipani zambiri zitangoyamba, mavenda anabweretsa makamera a filimu osawerengeka, ena enieni, ena zidole chabe. Aliyense wofuna kugula ankayamba wapita nayo kwa a Mbewe, venda akutsatira pambuyo ngati wopita kumlandu. Iwo ankaitsegula kumbuyo, kuiloza kudzuwa, kuiliza pakhutu, kenako n'kuinunkhiza. Ankati kamera yolowa chinyezi imanunkha ngati nkhokwe yodontha. Koma okha sankagulitsa ngakhale imodzi. "Ndikangoyamba kugulitsa, mphunoyi ifa," ankatero.

Ndili sitandade 5 ndinali ndi mnzanga wapamtima, Esitere, mwana wa matenanti a ku Phalombe amene ankalima fodya pa esiteti yoyandikana ndi kwathu. Fodya atagulitsidwa, makolo ake anaganiza zobwerera kwawo. Ndinalira mpaka bambo anga anagonja. Iwo anali aphunzitsi, ndipo ankafuna kale kamera yojambulira maukwati kutchalitchi, ndiye anati agula msanga kuti atijambule lole isanabwere kudzawatenga.

Titafika pakhonde la a Mbewe, venda wina anatulutsa makamera awiri. Ina inali yasiliva, yonyezimira, yokhala ndi kagetsi kotumphuka kokha. Ina inali yakuda, yosupuka m'mbali, chitseko chake chomanga ndi mphira wa legeni. Ine mtima unali utapita kale ndi yasiliva ija, ndipo ndinali nditayamba kuganiza mmene ndikayerekedwere kusukulu.

A Mbewe anainunkhiza, n'kukwinya nkhope.

"Aphunzitsi, iyi mukajambula nayo mtambo wokhawokha. Tengani nkhalambayi."

"Kodi yamphirayo?" ndinalowerera, mwambo nditauiwala.

"Eya mayi, yamphirayo. Inu mukufuna kamera yoti anthu aziiona, kapena yoti izikuonani?"

Bambo anaseka n'kutenga yakuda ija. Ine ndinawada a Mbewe tsiku limenelo, kuwada kwenikweni. Ulendo wonse wobwerera ndinakhala pakaliyala ya njinga ya bambo nditatupa. Mawa lake bambo anatiimika pafupi ndi chigafa cha fodya, fungo la masamba otsalira likuyabwa m'mphuno, Esitere atabwereka diresi la mkulu wake. Bambo anandinyengerera kuti ndimwetulire, koma ndinakana poti ndinali ndisanamalize kukwiya.

Filimu inakatsukidwa ku tauni, ndipo pomwe zithunzi zinkabwera n'kuti Esitere atapita kale. Ndinatsegula envulopu ndikuopa kupeza mtambo uja. Koma ayi ndithu, ndi uyo Esitere, mpata wa mano ake uli poyera, ngakhale chipsera cha pachibwano chikuoneka. Chithunzi china bambo anapatsira kapitawo wa pa esiteti kuti akatumize. Ine ndi Esitere sitinaonanenso.

Patapita zaka panatsegulidwa sitolo yaikulu yogulitsa chilichonse, ndipo mavenda ambiri anagwa. Mwini wake anawatenga a Mbewe n'kuwapatsa tebulo mkati, ati makasitomala azifunsa nzeru pomwepo. Tonse tinati nkhalamba yapeza mwayi. Koma mphuno ija inakana kufa, moti ankanunkhiza katundu wa abwana awo omwe n'kuuza anthu kuti asagule. Tsiku lina tinapeza tebulo lachotsedwa, pamalopo pali filiji ya zakumwa. Khonde lawo lakale linali litatengedwa ndi ena, ndipo anabwerera kumudzi kwawo cha ku Kabudula, kumene anamwalirira.

Lero kamera ili m'foni, ndipo foniyo ndimaitanitsa pa foni inzake. Pansi pa katundu aliyense pamakhala nyenyezi ndi mawu oyamikira, koma zonsezo zili pabwalo la wogulitsa yemweyo, ndiye ndimasowa womufunsa. Chaka chatha ndinagula ina yotamandidwa kwambiri, ndipo zithunzi za ubatizo wa mwana wanga zinatuluka ngati ndajambulira m'chifunga.

Chithunzi cha pachigafa chija chikadali pakhoma, chowala bwinobwino. Ndikachiyang'ana ndimathokoza kuti ndinakula pamene panali munthu wonena zoona za katundu popanda kudyapo kanthu. Mwana wanga wamkulu anandifunsa kuti, "Amayi, anzanuwa akuseka, nanga inu mwatupa chonchi bwanji?" Ndinamuuza kuti ndinali nditakwiyira bambo wina amene anandisungira nkhope ya mnzangayo, ndipo anapita ndisanawauze zikomo.