Njinga imene ndinatsuka

Ndikamva timiyala tikulira pansi pa tayala la njinga, mtima wanga umabwerera ku chisanu cha chaka chimene ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Tinkakhala awiriwiri ndi Amayi m'mudzi wa kuseri kwa mapiri, ulendo wa theka la tsiku kukafika kumalire ku Kalomwe. Abambo anali atatengedwa ndi anthu amfuti kuti akawasenzere katundu, ndipo dzinja lathunthu linadutsa osamva za iwo. Anatisiyira dimba la mbatata ya kachewere ndi njinga yawo. Njingayo ndiyo inkatisunga, chifukwa Loweruka lililonse Amayi ankamangirira thumba la kachewere pakeliyala n'kukasinthanitsa kumalire ndi mchere, sabau wochapira ndi mafuta a nyale.

Ine ankandikhazika kutsogolo, pachitsulo, atapindapo nsalu yakale ya kapulana kuti chisandipweteke. Iwo ankavala buluku la Abambo m'kati mwa nsalu yawo. Msewu waukulu sitinkaufuna. Tinkadzera njira za ngolo, zofiira, za miyala ing'onoing'ono, zimene pakati pake panali patamera udzu. Magalimoto anali atasiya kale kudutsa kumeneko, choncho munthu unkamva chilichonse: njiwa m'mitengo ya bulugama, madzi m'ngalande za m'madimba, kugogoda kwa tcheni, ndi kupuma kwa Amayi pamwamba pa mutu wanga. Nkhungu inkagona m'zigwa mpaka dzuwa litakwera. Mphepo inkandiluma makutu ndi zala, koma potsetsereka ndinkatsegula pakamwa kuti ilowe. Pokwera tinkatsika n'kumakankha, ine kumbuyo kwa thumba. Pamene dothi linkaoneka ngati lakumbidwa kumene, Amayi ankakhotera m'mapazi a ng'ombe poopa mabomba okwirira pansi. Ndinkaona ngati dziko lonse latipatukira kuti tidutse.

Malo oimitsidwa anali amodzi okha, pamtunda wotsikira ku mlatho wamitengo, pamene pankakhala asilikali. Ankasuzumira m'thumba, n'kutapa kachewere wodzaza chipewa, n'kutiuza kuti tizipita. Njingayo sankaiyang'ana n'komwe.

Ndipo panalibedi choyang'ana. Njinga yathu inali yonyansa. Inali ndi matope ouma thupi lonse osakanikirana ndi ndowe, chishalo chokulungidwa ndi masanza, ndipo belu Amayi anali atachotsa. Sankaitsuka, chonsecho anali munthu wosesa bwalo kawiri patsiku. Tsiku lina kumsika atsikana awiri ogulitsa zitumbuwa anaiyang'ana n'kuyamba kuseka. "Iwe, imeneyi ndi njinga kapena nkhumba ya amako?" anatero wamkuluyo. Mnzake anati tiziimangirira patali, ingawadyere malonda. Ine pakamwa panga pankalemera kuyambira kale. Mawuwo ndinabwera nawo kunyumba.

Lachinayi lotsatira, Amayi ali kudimba, ndinaikankhira kukamtsinje ka kumunsi kwa nyumba. Ndinatenga phulusa, mchenga ndi chitsononkho, n'kuyamba kukwecha. Matope anali olimba ngati khoma. Atayamba kusungunuka, pansi pake panatuluka utoto wakuda wowala, wokhala ndi timizere tachikasu timene ndinali nditatiiwala. Ndinatsuka sipoko iliyonse payokha. Chiwongolero ndinachikwecha mpaka ndinaonamo nkhope yanga, yaitali ngati ya mbuzi. Zala zinachita dzanzi ndi madzi ozizira, koma ndinabwerera kunyumba ndikuyenda ngati mkwatibwi.

Amayi atabwera anaima pabwalo khasu lili paphewa. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana manja anga ofiira. "Watsuka bwino," anatero. Sanandikalipire. Madzulo omwewo anaimatanso, koma matope atsopano sagwira pachitsulo chosalala. Pofika m'mawa anali atasweka n'kuyoyoka, ndipo kuwala kunkasuzumira paliponse. Ndi pamene anandiuza mwachidule kuti matope aja anapaka dala, chifukwa njinga yooneka bwino asilikali saibweza. Ya a Nachisale, oyandikana nafe, inapita motero. Mchere unali utatha m'nyumba, kachewere anali atakumbidwa kale, ndipo mtsinje waukuluwo unalibe powolokera pena kwa munthu wa katundu.

Loweruka tinanyamuka monga mwa masiku onse. Njira inali yomweyo, njiwa zomwezo, koma potsetsereka sindinatsegule pakamwa. Titatsala pang'ono kufika kwa asilikali, Amayi anaima pansi pa mitengo ya bulugama n'kundiuza kuti ndikapemphe madzi akumwa panyumba ina ya m'mbali mwa njira. Kupempha kunkandivuta kuposa kulima. Ndinaima pakhomo pa eniwo nthawi yaitali, ndikujambula pansi ndi chala chakuphazi, ndisanathe kunena odi. Pobwera ndi chikho ndinapeza Amayi akumanga mfundo pangodya ya kapulana yawo, zala zili bii ndi mafuta. Anamwa madziwo pang'onopang'ono. Kuchokera pamenepo sitinakwerenso, ngakhale njira inali yabwino.

Asilikali anali anayi, akuothera dzuwa pachipika. Wina wamtali, wa nsapato yong'ambika kutsogolo, anaimirira tisanafike n'komwe. Thumba sanaliyang'ane.

"Mayi, lero mwabwera ndi yatsopano?"

"Ndi yomwe ija, bambo. Mwanayu watsuka."

"Mwana wanzeru ameneyu. Tsitsani thumbalo tiiyese."

Amayi anamasula zingwe mosafulumira, ine ndikuwathandiza. Ndinkadziwa kuti kuyesa kumeneko sikubweza. Wamtaliyo anapatsa mnzake mfuti, n'kukwera, n'kupalasa kawiri katatu, ndipo njinga inatenga liwiro kutsikira kumlatho. Masipoko ankanyezimira padzuwa moti ndinafuna kutseka maso. Kenako tinamuona akufinya mabuleki, kufinyanso, n'kuyamba kukwekweza mapazi pansi, fumbi lili koboo. Pofunika kukhota sanakhote. Anadutsa m'mbali mwa mlatho n'kukalowa m'dambo, tayala lakutsogolo n'kumira, iye n'kugwera kutsogolo chamutu.

Anzake aja anaseka mpaka wina anagwa pachipika. "Wafika kale ku Tete, mphwanga?" anamukuwira. Kuseka kunandifika pakhosi nanenso, koma Amayi ananditsina pamkono mwamphamvu, nkhope yawo ili duu. Wamtaliyo anabwera akukankha njinga, matope akuda kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo iye sankaseka. Amayi anathamanga kukatola chipewa chake pamene chinagwera, anachipukuta ndi nsalu yawo, n'kumupatsa atagwada.

"Pepani, bambo. Ndi yakutha, ilibe mabuleki. Ine ndimaimitsa ndi chidendene."

Anayang'ana zidendene zawo, zong'aluka ndi chisanu cha m'dimba, n'kuyang'ananso anzake amene ankapukuta misozi. Ndinamva njiwa ikulira kutsidya, ndi madzi akudontha kuchokera m'malaya ake. Kenako anakankhira njinga kwa Amayi. "Tengani chiphapha chanuchi. Tsiku lina chidzakuphani."

Tinawoloka mlatho tikukankha, osacheuka. Titabisika kuseri kwa phiri, Amayi anandiuza kuti nditsogole ndikawadikire pamtengo wa mkuyu. Atandipeza tinakwera, ndipo potsetsereka njinga inkaima bwinobwino monga kale. Matope a m'dambo ankanunkha ngati achule ndipo anandidetsa miyendo yonse. Mwadzidzidzi ndinamva chifuwa cha Amayi chikugwedezeka kumsana kwanga. Ankaseka chamumtima, kenako analephera kudzigwira, njinga n'kumayenda mokhotakhota pakati pa njira yopanda munthu. Ndinali ndisanawamve akuseka chitengedwere Abambo. Tsiku limenelo tinabwera ndi mchere, ndipo anandilola kunyambita pang'ono pachikhatho.

Matope a m'dambo aja anagwira kuposa athu a kunyumba, ndipo tinawasiya momwemo. Chisanu chonsecho tinkadutsa pamlatho Loweruka lililonse. Amayi ankanditumabe madzi panyumba ija, ndipo asilikali akatiwona ankagwedeza mnzawo uja kuti bwenzi lake lafika. Iye ankangoyang'ana kumbali. Mvula itayandikira nkhondo inafika m'mudzi mwathu, ndipo njinga yomweyo inatinyamula, ife ndi mbewu ya nyemba, mpaka kutsidya kwa malire, kumene Abambo anadzatipeza pambuyo pake, owonda koma amoyo.

Zaka zonse za ubwana wanga ndinkakhulupirira kuti njingayo inkadziwa eni ake, ndipo inamugwetsa mlendo monga amachitira bulu. Amayi sananditsutsepo. Nditabereka mwana wanga woyamba, iwo akumusambitsa m'beseni, ndinawakumbutsa nkhaniyo. Anaseka osatukula mutu. "Timphira ta mabuleki tinali pamfundo ya kapulana yanga," anatero. "Ukanadziwa, nkhope yako ikanatigulitsa."

Tsopano ndimawaona atanjuta pansi pa bulugama ndi sipanala ya Abambo, akumasula mwachangu, akudziwa kuti msilikaliyo akathyoka mkono sitibwerera kunyumba. Ankafuna nthawi yochepa yokha, ndipo anadziwa kumene angaipeze. Ine ndinkaganiza kuti sabata imeneyo ndinangoononga zinthu basi. Sindinkadziwa kuti pamene ndinaima pakhomo pa eni, ndikulephera kunena odi, ndinali ndikugwira mbali yanga ya ntchito.